Ionetseni ndithu, koma muwauziretu kuti zonse ndi makatoni

Achimwene, mwafunsa ngati Dave Made a Maze ndi filimu yoti n'kuonetsa anzanu amene mumasonkhana nawo madzulo, popeza mwamva ena akuiyamikira kwadzaoneni pomwe ena akuti n'kutaya nthawi chabe. Ine ndikuti ionetseni. Koma musangoiyatsa osanenapo kanthu, chifukwa ambiri amene amanyansidwa nayo amakhala kuti anakhala pansi akuyembekezera china.

Kwa amene simunaimvepo, filimuyi inatuluka mu 2017, ndi ya mphindi pafupifupi 80, ndipo anaitsogolera ndi Bill Watterson, amene analemba nkhani yake limodzi ndi Steven Sears. (Si Bill Watterson wojambula nthabwala za m'nyuzipepala za Calvin and Hobbes uja ayi, angofanana mayina.) Dave ndi mnyamata wa zaka 30, waluso la manja koma wosamaliza chilichonse chimene wayamba. Bwenzi lake Annie atachokapo masiku angapo, iye amanga kanyumba ka makatoni pakati pa balaza. Annie pobwera angomva mawu a Dave akuchokera m'katimo, akuti wasochera ndipo munthu asayerekeze kugwetsa ntchito yake. Kunja kakuoneka ngati mulu wa makatoni ochepa omata ndi tepi, koma m'kati muli njira zokhotakhota zosatha, misampha, ndiponso Minotaur, chilombo cha m'nthano za Agiriki chija chokhala ndi thupi la munthu ndi mutu wa nkhunzi. Annie, anzake a Dave, ndi kagulu kena kamene kabwera ndi kamera kudzajambula zochitikazo, onse alowa kukamufuna.

Pali malo amodzi pamene mudzadziwire ngati gulu lanu laikonda kapena ayi. Atangolowa pang'ono, mmodzi wa iwo aponda msampha n'kudulidwa mutu. M'malo mwa magazi, pakhosi pake patuluka ulusi wofiira ndi tizidutswa ta mapepala, kuli wayawaya m'chipinda monse. Munthu uja wafadi, anzake akukuwa ndi mantha enieni, koma chimene maso anu akuona ndi zokongoletsera za paphwando. Apa ndi pamene oonera amagawikana. Ena amaphulika ndi chiseko, ndipo kuyambira pamenepo filimu yawagwira mpaka pamapeto. Ena amakwinya nkhope n'kufunsa kuti, "Kodi anthuwa analibe ndalama?" Wofunsa choncho akapanda kuyankhidwa msanga, posakhalitsa mumuona ali pafoni.

N'chifukwa chake ndikuti muwauziretu. Simufunika kulongosola zambiri. Ingonenani kuti zonse zimene aone, makoma, zilombo, magazi, anazipanga ndi manja kuchokera ku makatoni, mapepala, ulusi ndi guluu, ndipo anachita dala kuti zionekere. Munthu akadziwa zimenezi amasiya kufufuza zolakwika n'kuyamba kufufuza mmene achitira. Ndipo zoti aone zilipo zambiri. Chipinda chilichonse chili ndi maonekedwe akeake: china makoma ake ndi makadi otchovera njuga, china ndi khonde lofanana ndi makiyi a piyano, kwina mbalame zopinda ndi mapepala zikuuluka n'kumavutitsa anthu. Pena onse asanduka zidole za timatumba ta pepala, n'kupitiriza kukambirana ngati palibe chachitika. Kwa ine pamenepa ndiye pachimake pa filimu yonse, ndipo ngakhale amene anali atayamba kutopa amadzuka.

Mwina mwaona kuti inapambana mphoto ya oonera pa chikondwerero cha mafilimu cha Slamdance mu 2017, ku Park City m'chigawo cha Utah ku America. Zimenezo n'zoona, koma muziyeze bwino. Slamdance inayambitsidwa mu 1995 ndi opanga mafilimu amene ntchito zawo zinakanidwa ku Sundance, chikondwerero china chachikulu cha mafilimu, ndipo anthu amene amapita kumeneko amakhala akufuna dala zinthu zachilendo, zopangidwa ndi ndalama zochepa. Ambiri mwa iwo ndi opanga mafilimu okhaokha, odziwa thukuta limene limagwa kuti khoma limodzi la makatoni liime pamaso pa kamera. Anzanu amene azolowera mafilimu a nkhondo ndi magalimoto ophulika sadzalowa ndi mtima womwewo. Mphotoyo ikungotiuza kuti filimuyi imasangalatsa anthu ambiri akakhala pamodzi m'chipinda chimodzi, ndipo mfundo imeneyo ikukukhudzani inuyo. Kuionera wekha n'kosiyana kwambiri ndi kuionera muli gulu. Uli wekha umangomwetulira. Muli ambiri, wina akaseka mnzake amatengera, wina amaloza pakona n'kunena kuti "taonani chija achipanga ndi chiyani", basi chipinda chonse chatenthedwa.

Tsono odandaula aja sikuti akulakwa pa zonse. Nkhani yake ndi yopyapyala. Mukachotsa makatoni, chotsala ndi mnyamata woopa kumaliza zinthu chifukwa choopa kulephera, ndipo mfundo imeneyi amaibwereza mpaka munthu n'kunena kuti tamva kale. Dave mwiniwake amakwiyitsa anthu ena, ndipo ndikuwamvetsa: anzake akufa chifukwa cha chinthu chimene iye wamanga, koma iye akuderabe nkhawa kuti ntchito yake isaonongeke. Nthabwala za kagulu ka kamera kaja, kamene kamauza anthu kuti abwereze kulira kuti ajambule bwino, zimasekesa poyamba, kenako zimazilala. Ena amati lingaliro lake linali loyenera filimu yaifupi ndipo analikoka kuti likwane ola limodzi ndi mphindi 20. Chapakati pamakhaladi kufooka. Chimene chimaipulumutsa n'chakuti usanatope kwenikweni, alowa m'chipinda china chatsopano ndipo maso apezanso chochita.

Ngati wina pagulu panu adzanene kuti zimenezi ndi zachibwana, mukhoza kumukumbutsa kuti mafilimu a zodabwitsa anayamba motere. Georges Méliès, popanga filimu yake ya ulendo wa kumwezi mu 1902, anagwiritsa ntchito nsalu ndi matabwa zopaka utoto ndi manja m'nyumba yake yojambulira ya magalasi ku Montreuil, pafupi ndi Paris. Mu 1920 Ajeremani amene anapanga The Cabinet of Dr. Caligari anachita kupenta mithunzi pamakoma opendekeka m'malo moipanga ndi magetsi. Ndipo a Monty Python, gulu la anthabwala la ku Britain, popanga Monty Python and the Holy Grail ya mu 1975, atasowa ndalama zolipirira akavalo, anaonetsa asilikali akudumphadumpha pansi uku wantchito akuwomba zikamba za kokonati kumbuyo kwawo. Kusowa kumeneko kunabala nthabwala imene anthu amaikumbukira kuposa zina zambiri za mufilimumo. Pa nthabwala, kuonekera kwa chinyengo kumathandiza. Ukaona chilombo chopangidwa pa kompyuta, umangofunsa ngati chikuoneka chenicheni kapena ayi, ndipo pakapita zaka zochepa chimayamba kuoneka chachikale. Ukaona chilombo cha katoni, ukudziwa kale kuti n'chabodza, ndiye umaseka kawiri: kuseka zimene zikuchitika, ndi kuseka kulimba mtima kwa amene anakhala pansi ndi mpeni ndi guluu n'kuchipanga. Aliyense anakhalapo mwana amene analowa m'katoni n'kunena kuti ndi galimoto, ndipo filimuyi imadalira kuti mwana ameneyo adakalipo mwa woonera.

Chenjezo lalikulu: musapusitsike ndi mapepala ndi zidolezo n'kuitana ana. Muli mawu otukwana, anthu amafa ndithu ngakhale magazi ake ndi ulusi, ndipo pali nthabwala imodzi yokhudza ziwalo zobisika, yopangidwanso ndi katoni, imene simungafune kuifotokozera mwana kapena kuionera pamodzi ndi makolo anu. Ndi ya akuluakulu, makamaka a msinkhu umodzi omasukirana.

Zina n'zazing'ono. Ionetseni pa sikirini yaikulu imene mungapeze, muzimitse magetsi, chifukwa pafoni tinthu tambiri ta pamakoma sitioneka ndipo ndi timene tili ndi phindu. Ochita sewero amalankhula Chingerezi chothamanga, nthabwala zina amangozinong'ona, choncho muyatse mawu olembedwa pansi aja. Kanema wachidule wotsatsa filimuyi musawaonetse, amaulula zipinda zingapo zimene zimakoma ukaziona mwadzidzidzi. Komanso musawaletse kulankhula. Iyi si filimu yofuna bata. Kufunsana kuti "chimenechi achita bwanji" ndi mbali ya chisangalalo chake.

Mukaona kuti gulu lanu silimva Chingerezi mokwanira, kapena ndi anthu okonda nthabwala zakugwa ndi kumenyana, ndingakulozereni ku Hundreds of Beavers ya Mike Cheslik, ya 2022. Ndi yopanda mitundu, yakuda ndi yoyera basi, pafupifupi yopanda mawu, ndipo nyama zambiri ndi anthu ovala zovala zazikulu za zidole. Imeneyo imasekesa anthu ambiri mosavuta kuposa ya Dave, ngakhale kuti ndi yaitaliko ndipo ena amatopa isanathe. Ngati ndi anthu ofatsa, okonda nkhani ya chikondi yosakanikirana ndi maloto, pali The Science of Sleep ya Michel Gondry, ya 2006, momwe wochita sewero Gael García Bernal amalota mzinda wa makatoni ndi madzi a pulasitiki yopyapyala. Koma imeneyo ili ndi chisoni chambiri kuposa nthabwala, ndipo amasinthasintha pakati pa Chifalansa, Chingerezi ndi Chisipanishi, kotero siyenera usiku umene anthu abwera kudzaseka. Pa zitatuzi, kwa gulu la anzanu omasukirana amene sanaonepo zamtunduwu, ndingayambe ndi ya Dave chifukwa ndi yaifupi ndipo siichedwa kuonetsa chimene ili.

Mudzatiuze kuti ndi angati anaseka mutu uja utadulidwa, ndipo ngati alipo amene anagona, anagona pa chipinda chiti.