Anasudzulana kapena anapatukana? Funso la mayi wokonda manovelo akale

Mayi wina wanditumizira funso lomwe landisangalatsa. Akuti amakonda manovelo achikondi a nkhani zakale, aja a ku England a nthawi ya ngolo zokokedwa ndi akavalo, makamaka omwe mwamuna ndi mkazi wake amatha zaka osaonana kenako chikondi n'kudzukanso. Alemba kuti: "Ndimafotokozera anzanga pa gulu lathu la WhatsApp ndiye ndinati awiriwo anasudzulana kenako anapatsana mwayi wachiwiri, wina n'kundiuza kuti Chichewa changa chaphonya. Chaphonya pati?"

Mayi, mnzanuyo mumuthokoze. Mwaphonya pawiri, koma musadandaule chifukwa ngakhale pa wailesi ndimamva zomwezi.

Kusudzula ndi kumasula munthu kuti azipita, ulibenso naye kanthu. Anthu akasudzulana banja latha basi, aliyense atha kukakwatira kapena kukwatiwa kwina. Ndiye m'mabuku mukuwerengawo khomo limenelo ndi lokhoma, ndipo nkhani yonse yatsamira pomwepo. Ku England chisanafike chaka cha 1857 kunalibe khothi wamba lothetsa ukwati, munthu amayenera kupita ku Nyumba ya Malamulo kuti aphungu apange lamulo lapadera la banja lake lokhalo, ndalama zake zosanena, manyazi ake osanena, ndipo pa zaka zonsezo akazi amene zinawatheka anali anayi okha, woyamba mu 1801. Makhothi a tchalitchi amangolola chomwe m'Chilatini amati a mensa et thoro, kutanthauza kusiyana tebulo ndi bedi, koma ukwati uli chilili. Ngakhale mfumu zinaikanika. George IV anakwatira Caroline wa ku Brunswick mu 1795 akadali kalonga, chaka chotsatira mwana atangobadwa aliyense anali kwayekha, mu 1820 anayesa kuthetsa ukwatiwo kudzera ku Nyumba ya Malamulo zinakanika, ndipo mu 1821 tsiku lomuveka ufumu mayiyo anamutsekera kunja kwa tchalitchi cha Westminster Abbey. Caroline anamwalira patangopita masabata ochepa akadali mkazi wake. Amenewo mungati anasudzulana? Ayi ndithu. Anapatukana.

Mawu amenewa ine ndimawakonda heve, mundilole ndichedwepo. Kupatuka poyamba ndi mawu a panjira. Galimoto ikubwera, umapatuka. Agogo anga akaona munthu wodziwana naye akudutsa pamsewu amakuwa kuti "patukani kaye", kutanthauza siyani njira yanuyo mubwere kuno pang'ono. Mnzake wa kupatuka ndi kupatula, monga mmene zilili tsegula ndi tseguka, dula ndi duka, wina ukuchita kwa chinthu wina chikuchitika chokha. Kupatula ndi kuika chinthu pambali, ndipo ndi komwe kwachokera kupatulika kwa kutchalitchi kuja, chinthu choikidwa padera. Ine ndimakhulupirira kuti ngakhale chipatala anthu anachilandira msanga chifukwa m'khutu chimamveka ngati malo opatula odwala, ngakhale mawuwo ndi obwereka, anzanga ena amati apa ndikukokera dala koma sindinasinthe maganizo. Chachikulu n'choti wopatuka sanafike kumapeto a ulendo, msewu waukulu uja ulipobe ndipo atha kubwereramo. Ndi chimene wolemba novelo akufuna, kuti inu muziwerenga mpaka usiku mukudikira tsiku lomwe abwerere mumsewu.

Kulekana ndi kusiyana ndi mawu otakata kwambiri, anthu amalekana pa chibwenzi, amasiyana pa imfa, amasiyana pa depoti. Sindikuletsa, koma sakunena ngati ukwati ulipo kapena watha.

Koma muonetsetse ka -an- kali mu kupatukana, kamene kamanena kuti onse awiri anachita. M'mabuku ambiri si mmene zimakhalira. Nthawi zina bambo anakwera sitima m'mawa wa tsiku lotsatira ukwati n'kupita ku nkhondo kapena ku India, pamenepo nenani kuti anamusiya, osamupeputsira mlandu ndi ka -an-. Nthawi zina mayi ndi amene anakwiya n'kukakhala ku nyumba ya kumudzi kusiya mwamuna ku London, pamenepo tili ndi mawu okoma zedi, ananyanyala. Masiku ano kunyanyala kwangotsala pa sitiraka, achinyamata akamva amaganiza za ogwira ntchito atanyamula zikwangwani, koma mwini wake weniweni wa mawuwa ndi munthu wa m'banja yemwe wachoka ali ndi mkwiyo koma khutu lili kukhomo kumvetsera ngati wina akubwera kudzamutenga. Wonyanyala amafuna kunyengereredwa. Theka la manovelo anuwo ndi nkhani ya kunyanyala kwa zaka zisanu.

Ndipo chonde musati mwamuna wake wakale. Wakale bwanji poti ndi wake mpaka lero? Izi za eksi zatilowerera moti aliyense amene sitikugona naye nyumba imodzi tikumuti wakale.

Tsopano mwayi wachiwiri. Aaa, apa ndiye pandipweteka. Chilichonse pa mawuwa ndi Chichewa, mwayi ndi wathu, wachiwiri ndi wathu, koma mukawaphatikiza akununkha Chingerezi chomwe changovala nsalu. Mwayi kwa ife umagwa wokha, watola ndalama panjira, wapulumuka pangozi, suwerengedwa ngati ana kuti woyamba wachiwiri. Ena afika poti anapatsana chansi ina, ena akuti anali pa sepaleshoni asanadivosane, pamenepo ine ndimangotseka foni. Mawu alipo kale, amodzi okha: anabwererana. Bwera, bwerera, bwererana, uyu wabwerera kwa uyo, uyo wabwerera kwa uyu, zonse zakwana m'mawu amodzi. Mukafuna kuwonjezera mchere muti madzi saiwala khwawa, aliyense pa gulu lanulo amva.

Komanso pali kuyanjana, ndipo sizofanana ndi kubwererana ngakhale anthu amasakaniza. Kubwererana ndi kwa denga limodzi, kuyanjana ndi kwa mtima. Olemba mabukuwa amadziwa kusewera pakati pa ziwirizi, amawabweza awiriwo m'nyumba imodzi koyambirira kwenikweni chifukwa bambo akufuna mwana wamwamuna wodzalowa dzina ndi chuma, kapena kuti anthu aleke miseche, ndiye abwererana pa chaputala chachitatu koma akudya moyang'anana ngati alendo, kuyanjana kudzabwera kumapeto kalata yobisidwa ija itapezeka. Ndiye mukamafotokoza mutha kunena kuti anabwererana asanayanjane, Chingerezi chimafunika chiganizo chonse kuti chinene zimenezo.

Mwayi wachiwiriwo ndikudziwa sindingauthamangitse, ana anga omwe amaunena ine ndili pompo, ulembeni ngati mwaukonda sindikuitanirani apolisi. Koma kusudzulana kokha chotsani. Ndipo polemba pa gulupo mulembe kubwererana ndi r, osati kubwelelana, lamulo la kalembedwe limati pambuyo pa e ndi i pamabwera r. Aphunzitsi athu a sitandade 5 amadula malikisi awiri pa l aliyense wosochera, ine anandidula anayi pa mawu amenewa omwewa.