Funsani Tiyankhe: nkhalango ndi nyanja za ku Wilderness

Funso: Akonzi, ine ndi amuna anga tikufuna kupita ndi ana awiri kumalo a nkhalango ndi madzi, osati kokaona mikango. Tipite kuti, ndipo tikonzekere bwanji? Ndine mayi wa ku Rosettenville, kuno ku Joni.

Yankho: Mayi, pitani ku Wilderness, chigawo cha Garden Route National Park, makilomita pafupifupi 15 kuchokera mumzinda wa George. Kuli nkhalango yachilengedwe, mtsinje wa Touw ndi nyanja zing'onozing'ono monga Island Lake, Langvlei ndi Rondevlei. Nyanjazi zinalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse mu 1991. Malungo kulibe.

Kutali ndiye n'kutali ndithu. Pa galimoto ndi makilomita pafupifupi 1,200 mukadzera msewu wa N12 wa ku Kimberley, Beaufort West ndi Oudtshoorn, choncho mugone panjira. Ndege yochoka pa bwalo la OR Tambo kupita ku George imatenga maola pafupifupi 2.

Musaiwale mapasipoti, ndi a ana omwe. Bungwe la SANParks, loyang'anira malo otetezedwa ngati amenewa, lili ndi mitengo itatu yolowera: wa eni dziko ndi okhazikika, wa nzika za SADC, ndi wa alendo ena onse. Mmalawi ali m'gulu la SADC, koma pageti amafuna kuona pasipoti. Mukapita chimanjamanja, angakulipiritseni mtengo wapamwamba uja, ndipo ndalama yolowerayi ndi ya tsiku lililonse, munthu aliyense.

Kogona sankhani msasa wa Ebb and Flow, m'mbali mwa Touw, komwe kuli tinyumba ndi malo okhomapo matenti. SANParks imalola kusungitsa malo kudakali miyezi 11 kuti mupite, ndipo a mu December amatha msanga. Ife tingasankhe tchuthi cha sukulu cha March kapena April, anthu atachepa. Mvula kumeneko ilibe nyengo, imagwa mwezi uliwonse, ndiye malaya amvula akhale m'chikwama.

Njira yoyenda pansi imene timaikonda ndi Half Collared Kingfisher, makilomita pafupifupi 7 kupita ndi kubwera. Imadutsa mumthunzi wa mitengo, mumawoloka mtsinje pa kabwato kokoka ndi chingwe, n'kukathera pa mathithi. Nyamukani m'mawa, muwerengere maola 3 kapena 4 popeza muli ndi ana, ndipo aliyense anyamule madzi lita imodzi ndi theka. Matabwa a m'njiramo amaterera mvula ikagwa, choncho masilipasi ayi. Mukamva kulira kosasa mawu m'mitengo, yang'anani m'mwamba: ndi Knysna turaco, mbalame yobiriwira imene imaonetsa mapiko ofiira ikauluka.

Madzi a mumtsinje amaoneka ngati tiyi wopanda mkaka. Si uve ayi, ndi utoto wa masamba ndi mizu ya m'mapiri a Outeniqua. Komabe a pakasupe kapena pamtsinje musamwe musanawiritse. Mukabwereka bwato, ana avale majekete oyandamitsa nthawi yonse. Zakudya zitsekereni m'galimoto kapena m'nyumba chifukwa apusi sachedwa, ndipo madzulo muyang'ane nkhupakupa kuseri kwa mawondo ndi m'khwapa mwa ana.

Chimene tikukuchenjezani kwambiri ndi nyanja yamchere ya pagombe la Wilderness. Ili ndi mphamvu ya madzi yokokera munthu pakati ngakhale pamwamba pakuoneka bata. Musambe pakati pa mbendera pokhapo, opulumutsa anthu ali pantchito. Ngati palibe, ana angosewera pamchenga.