Kufika kuchipatala n'kwina, kupeza magazi n'kwinanso

Achemwali, mwafunsa kuti bwanji tikumvabe maliro a uchembere pamene amayi ambiri akuchilira kuchipatala, komanso ngati vutoli ndi la kwathu kokha. Si la kwathu kokha ayi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2020 amayi pafupifupi 287,000 anamwalira padziko lonse chifukwa cha pakati kapena pobereka, ndipo 7 mwa 10 alionse anali a mu Africa muno, kumwera kwa chipululu cha Sahara. Ku Chad, South Sudan ndi Nigeria, pa ana 100,000 obadwa amoyo ankafa amayi oposa 1,000. Ku Australia sankakwana n'komwe 10. Ngakhale ku Britain ndi ku America, mayi wachikuda ndi amene amafa kwambiri pobereka kuposa mzungu.

Kuno kwathu ku Malawi chiwerengerocho chatsika, tisanamizane. Pa ana 100,000 obadwa amoyo, chinali 984 mu 2004, 675 mu 2010, kenako 439 mu 2015-16. Mafumu monga Inkosi Kwataine a ku Ntcheu anathandiza kwambiri, ndipo midzi ina ukachilira pakhomo unkalipa mbuzi. Amayi anamvera, oposa 9 mwa 10 anayamba kuchilira kuchipatala.

Koma chipatala chake chiti? Apa mpamene pagona nkhani. Mlamu wanga sanajombe kusikelo ngakhale kamodzi. Anakadikirira kuchipatala chaching'ono cha kwathu masabata awiri, atanyamula beseni, zitenje, lezala, pepala lakuda lija ndi kandulo. Anachira bwinobwino usiku, koma magazi osaleka. Namwino anali yekhayekha, mayi wina akubuula pabedi lina. Pamenepo palibe magazi osungidwa, palibe chipinda cha opaleshoni, ndipo ambulansi ya kuboma akuti inalibe mafuta. Tinasonkha ndalama, kudzutsa mwini galimoto pa tirediingi, msewu wake wamatope a mu February. Anapulumuka, koma pofika anali atayera m'maso ndi m'manja ngati pepala.

Mayi wa ku Ndirande zikamuvuta chotero, chipatala chachikulu cha Queens chili pafupi. Wa kumudzi amadalira mlatho, mafuta ndi netiweki ya foni. Zopha zake n'zodziwika kale: kutaya magazi, BP yokwera mpaka kukomoka, ndi matenda olowa m'chiberekero. Zonsezi zili ndi mankhwala, koma kutaya magazi kumatha kupha m'maola awiri okha.

Inu mwati muli ndi miyezi isanu ndi iwiri. Mukapita kusikelo sabata ino mufunse kuti zikavuta amatumiza kuti, ndipo ndalama ya galimoto ikhale kwa amene adzakudikirireni, osati kwa abambo ali kutauni.