Za kusankha sukulu ya pulayimale mwafunsa zija

Amayi, mwafunsa kuti mungadziwe bwanji ngati sukulu ili bwino musanalembetse mwana, ine ndingoti musakopeke ndi penti wa pageti kapena zotsatira za mayeso amamata pakhoma zija. Ife zinatipusitsa zimenezo. Wanga wamkulu anakhala matemu awiri pasukulu ina yooneka bwino zedi, koma tsiku lina nditatsegula kope lake la masamu ndinapeza mapeji ngati teni osachongedwa, kwina achonga ndithu koma ansa yolakwika aipatsa raiti, ndiye mwana kumaona ngati akukhoza. Nditakafunsa ahedi anangoti "tiziona", pomwe kalasi yomweyo inali itasintha aphunzitsi katatu, aliyense wobwera kuyamba zake.

Ndiye inu pitani nthawi ya buleki, osati tsiku lomwe akuitanirani okha. Imani chapatali muone mwana akagwa kapena ena akamamenyana amathamangirako ndani, mumvenso mmene aphunzitsi amayankhulira ana akamaganiza kuti palibe akuwamva. Funsani mkalasi muli ana angati, pemphani kope la mwana wina aliyense muone, kenako kasuzumireni kutoileti (izi anthu amaseka koma mwana akamanyansidwa nayo amadziletsa kumwa madzi tsiku lonse).

Komwe wanga wamkulu uja ali panopa makalasi ake ndi akale ndithu, koma madamu ake anandiimbira okha foni sabata yachiwiri kuti mwanayu akusokoneza b ndi d, tiyeni tithandizane kunyumba. Pano madzulo akumandiwerengera yekha timabuku take.