Funsani Akonzi: Filimu yachikondi ikamayenda pang'onopang'ono, diso liziyang'ana chiyani?

Akonzi, mayi a kunyumba amakonda mafilimu achikondi aja oti anthu awiri amangoyang'anizana, kulankhula kwake kochita kuwerenga. Ine ndimasinza filimu isanafike pakati. Pali chimene ndikuphonya, kapena ndi otopetsa basi? (Bambo wina wowerenga)

Bambo, ena ndi otopetsadi, tisabisane. Koma nthawi zambiri chimavuta ndi chizolowezi cha diso. M'mafilimu a ndewu ndi kuthamangitsana, chithunzi chimodzi chimakhala masekondi 2 mpaka 4, kenako kamera yadumphira kwina, ndiye inu mumangotsatira. Mu filimu yoyenda pang'onopang'ono chithunzi chimatha kukhala masekondi 30, mwinanso kupitirira mphindi. Apa wopanga filimu wakusiyirani ntchito yosaka nokha.

Yambani ndi zimene zikubwerezedwa. Mukaona masitepe omwewo, khonde lomwelo kapena tebulo lomwelo kachitatu, musati nkhani yaima. Dzifunseni kuti chasintha n'chiyani. Mpata wa pakati pa awiriwo wachepa? Wayamba kuyang'ana kumbali ndani? Chitseko chimene kale chinkatsekedwa, lero chasiyidwa chotsekuka pang'ono? Manja amaulula kwambiri kuposa nkhope: munthu akugwira kapu ndi manja onse awiri pamene tiyi wazizira kale, ndiye kuti sakufuna kunyamuka.

Filimu ya Wong Kar-wai ya mu 2000, In the Mood for Love, imaonetsa bwino zimenezi. Nkhani yake imayamba ku Hong Kong mu 1962. Bambo wina ndi mayi wina okhala moyandikana azindikira kuti mkazi wa bamboyo ndi mwamuna wa mayiyo ali pachibwenzi chamseri. Nkhope za ochimwawo sitizionetsedwa n'komwe. Awiri otsalawo amaphonyana pamasitepe opanikiza mobwerezabwereza, ndipo nthawi zambiri chimene chimakuuzani kuti tsiku lasintha ndi diresi imene Maggie Cheung, wosewera mayiyo, wavala. Amene sakuyang'ana zovala amaganiza kuti akuonera usiku umodzi.

Onaninso pamene kamera yaima. Ikamajambulira kuseri kwa chitseko, pagalasi kapena kudzera pazenera, yakusandutsani munthu wosuzumira, ndipo mumayamba kumva mantha amene awiriwo ali nawo pa maso a anthu. Ikawalitsa nkhope yokha, zonse za kumbuyo zili mbuu, ikukuuzani kuti kwa munthuyo dziko lonse lachoka, watsala mnzakeyo. Kuwala kofiirira kwa nyale kumapatsa chipinda kutentha, pamene kuwala kobiriwira ngati kwa mbandakucha kumaika anthu patali ngakhale akhale pampando umodzi.

Yesani mphindi 20 zoyambirira foni ili kuchipinda china. Mukapeza kuti zobwerezedwazo sizikusintha kalikonse, filimuyo ndi yofooka ndithu, gonani mosadandaula.

Bwanji nyimbo imodzi yomweyo amaibwereza kambirimbiri? Ndi kusowa ndalama zolipira oimba? (Mtsikana wokonda nyimbo)

Ayi achemwali, amachita dala. Nyimbo ikalira koyamba pamene awiri akumana, khutu limaimangiriza ku mphindi imeneyo. Ikabweranso mmodzi ali yekha, imabweretsa winayo m'chipindamo ngakhale sakuoneka. Zolira ndi zomwezo koma tanthauzo lasuntha. Mu filimu tatchula ija, nyimbo ya Shigeru Umebayashi imene imabwerabwera ili ndi kagundidwe ka katatu, kovinira anthu awiri atagwirana, pamene pachithunzi awiriwo akungodutsana osakhudzana. Kuwawa kwake kuli pamenepo. Zithunzi zotere amakonda kuziyendetsa pang'onopang'ono: filimu imaonetsedwa pa zithunzi 24 pa sekondi, ndiye akajambula 48 pa sekondi, kuyenda kwa munthu kumachepa ndi theka n'kugwirizana ndi nyimbo.

Phunzirani kusiyanitsa nyimbo ziwiri. Ina amaimva anthu a mu filimuwo, monga yochokera pa wailesi kapena kwa woimba mu lesitilanti. Ina mumaimva inu nokha oonera. Yoyambayo imakuuzani nyengo ndi malo, yachiwiriyo imakuuzani za mumtima. Tcherani khutu pamene nyimbo yayamba ngati ya pa wailesi, yonong'ona ndi yophwanyika, kenako n'kukula kudzaza paliponse. Apo talowa m'mutu mwa munthu.

Koma luso lenileni lili pamene nyimbo yaleka. Kumatsala mvula padenga, wotchi, supuni ikugunda kapu, mpweya wa munthu amene wafuna kulankhula n'kubweza mawu. Céline Sciamma mu filimu yake ya mu 2019, Portrait of a Lady on Fire, anachotseratu nyimbo zoperekezera nkhani, kotero kuti kangapo kochepa kamene nyimbo imamveka, imagwedeza. Ife timaona kuti filimu imene imayatsa mavayolini wosewera asanachite kalikonse ndiye kuti sikudalira osewera ake. Ikukulamulani kulira musanaone cholirira.

Filimu imene anzanga anaitamanda, pa TV yanga ikuoneka ngati sewero la pasiteji. Pamdima pakuoneka timabokosi, ndipo mawu sakumveka pokhapokha nditakweza kwambiri. Vuto ndi filimuyo? (Wowerenga)

Vuto loyamba ndi makonzedwe a TV. Ma TV ambiri amabwera atayatsa chinthu chimene chimawonjezera zithunzi zopeka pakati pa 24 zenizeni zija kuti zifike 60 kapena 120. Pa mpira chimathandiza, pa filimu chimapha maonekedwe onse. Chizimitseni. Pa Samsung chimatchedwa Auto Motion Plus kapena Picture Clarity, pa LG ndi TruMotion, pa Sony ndi Motionflow. Kenako pa makonzedwe a chithunzi chokani pa Vivid kapena Dynamic, musankhe Movie, Cinema kapena Filmmaker Mode. Poyamba chithunzi chidzaoneka chachikasu, koma diso limazolowera pakapita mphindi zochepa, ndipo mtundu umenewo ndi umene opanga filimu anaukonza. Mizere yakuda ya pamwamba ndi pansi isiyeni. Mukakulitsa chithunzi kuti chidzaze TV yonse mumadula m'mbali, ndipo m'mafilimu awa munthu wachiwiri kawirikawiri amakhala ali chakumphepete komweko.

Timabokosi ta pamdima timabwera chifukwa filimu yafinyidwa kwambiri kuti isadye data, ndipo malo amdima ndiwo amayamba kuonongeka. Pa 480p, womwe ndi mlingo wotsika wa kuoneka bwino kwa chithunzi, palibe chimene mungachite. Tsitsani ya mlingo wapamwamba wa 1080p, muonere magetsi a m'chipinda atazima kapena kanyale kochepa kali kuseri kwa TV.

Za mawu, mafilimu ambiri amakonzedwera masipika 6, ndipo zolankhula zimapita pa sipika yapakati. TV ikazisakaniza zonse m'timasipika tiwiri, kunong'ona kumamira. Sankhani mawu a Stereo, okonzedwera masipika awiri, ngati alipo. Pa foni ndiye zimanyanya, chifukwa kasipika kake sikatulutsa mawu otsika a zoimbira zikuluzikulu za zingwe, nyimbo imatsala yopyapyala. Mahedifoni wamba amathetsa zonse ziwiri. Night Mode, makonzedwe a mawu a usiku pa TV, imakweza zolankhula, koma imafananitsa phokoso ndi bata, choncho muiyatse pokhapokha ena m'nyumba akugona.