Kodi filimu ya nkhani yamakedzana ingaulule bwanji za chaka chimene inajambulidwa?

Mmodzi mwa awerengi wanditumizira imelo yokhala ndi funso ili: "Ndaonera Gone with the Wind, filimu yonena za nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya m'ma 1860. Mnzanga akuti filimuyi imaulula zambiri za chaka cha 1939, pamene inatuluka, kuposa za nkhondoyo. Zingatheke bwanji, poti zovala, nyumba ndi ngolo za akavalo zonse n'zakalekale?"

Mnzanuyo sakunama. Zovala ndi ngolo n'zosavuta kukopera kuchokera pa zithunzi zakale, koma maganizo a wolemba nkhani, a wogwira kamera ndi a mwini ndalama amakhala a tsiku limene anthuwo akugwira ntchitoyo, ndipo sangawavule n'kuwasiya pakhomo la situdiyo. M'filimu mwaonerayo, akapolo akuonetsedwa ngati anthu okhutira ndi moyo wawo, okonda mabwana awo ndi mtima wonse. Umenewo si umboni wa mmene ukapolo unalili mu 1861, koma wa zimene azungu ambiri ogula matikiti ankafuna kumva mu 1939, pamene malamulo atsankho anali akugwirabe ntchito m'zigawo zakumwera kwa dzikolo. Hattie McDaniel, amene anasewera ngati wantchito wa m'nyumba, sanakhale nawo pa mwambo woonetsa filimuyi koyamba ku Atlanta chifukwa cha khungu lake, ndipo pamene ankalandira mphotho ya Oscar mu 1940, munthu wakuda woyamba kuilandira, anam'khazika pa tebulo lapadera, kutali ndi anzake amene anasewera nawo.

Musaiwalenso kuti zimene filimu yatsekera pakamwa zimanena zambiri. Kuyambira mu 1934 mpaka 1968, makampani a ku Hollywood ankatsatira malamulo otchedwa Hays Code, amene ankaletsa kutukwana, kunyoza atsogoleri achipembedzo ndiponso kuonetsa chigawenga chikupindula ndi upandu wake. David O. Selznick, mwini filimu mwaonerayo, anachita kulimbana ndi akuluakulu oona za malamulowo kuti amulole kusiya liwu limodzi lokha lotukwana kumapeto kwake. Choncho mukaona mbava iliyonse m'mafilimu a zaka zimenezo ikuthera m'ndende kapena m'manda, musaganize kuti apolisi a nthawiyo anali akatswiri.

Chitsanzo chimene ine ndimachikonda kwambiri ndi Bicycle Thieves ya Vittorio De Sica, yomwe inatuluka ku Italy mu 1948. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, situdiyo yaikulu ya Cinecittà ku Rome inasanduka msasa wa anthu othawa kwawo, ndipo ojambula ambiri anatulukira m'misewu. De Sica anatenga munthu wogwira ntchito m'fakitale, Lamberto Maggiorani, kuti asewere ngati bambo amene wapeza ntchito yomata zikwangwani, ntchito yofuna njinga, pamene njinga yake ili pa pinyolo. Mkazi wake akuyalula nsalu zapabedi, kuzimanga mtolo n'kukazipinyolitsa kuti aombole njingayo. Kenako kamera ikutsatira kalaliki amene wanyamula mtolowo, akukwera mashelefu ataliatali odzaza ndi mitolo yofanana nawo mpaka kudenga. Palibe amene akulankhula za ulova kapena za chuma cha dziko, koma woonera amadziwerengera yekha mabanja amene agona opanda nsalu usiku umenewo. Umphawi wa nthawiyo unalowa m'nkhani, unalowanso m'kajambulidwe kake, chifukwa misewu, nkhope ndi majekete othaitha amene tikuona si zokonzedwa ndi akatswiri a zovala ayi.

Nthawi zina mantha a anthu amabisala m'nthano yooneka ngati yachibwana. Godzilla, filimu yonena za chilombo chachikulu chotuluka m'nyanja, inatuluka ku Japan mu November 1954, patangopita zaka 9 chiphulitsireni mabomba a nyukiliya ku Hiroshima ndi Nagasaki. Pa 1 March chaka chomwecho, asodzi 23 a m'boti lotchedwa Daigo Fukuryu Maru anagweredwa phulusa lapoizoni pamene dziko la America linkayesa bomba la nyukiliya ku Bikini Atoll, tizilumba ta m'nyanja ya Pacific, ndipo mmodzi mwa iwo anamwalira patapita miyezi ingapo. Filimuyi ikuyamba ndi amalinyero amene akucheza m'sitima yawo, kenako kuwala kothobwa m'maso kukutuluka m'nyanja ndipo sitimayo ikuyaka moto. Mjapani aliyense amene anakhala m'holo chaka chimenecho sankafunika womumasulira. Filimuyi itakonzedwanso kuti ionetsedwe ku America mu 1956, anaikamo wosewera wa ku Hollywood, Raymond Burr, n'kudulamo zambiri zokhudza mabomba, ndipo kudulako kukutiuza za omvera ake atsopanowo.

Ndikuchenjezeni pang'ono, chifukwa anthu ena akangophunzira kaonedwe kameneka amayamba kupeza ndale m'chithunzi chilichonse. Filimu si nyuzipepala, ndipo kawirikawiri imaonetsa zimene anthu ankalakalaka osati zimene anali nazo. M'zaka za m'ma 1930, pamene anthu mamiliyoni ambiri ku America analibe ntchito, m'maholo munkadzaza mafilimu a magule, a akazi ovala madiresi onyezimira ndi amuna ovala masuti odula. Wophunzira mbiri amene angatenge zimenezo ngati moyo wa tsiku ndi tsiku wa nthawiyo wasokera, koma amene angafunse chifukwa chimene munthu wanjala ankaperekera kandalama kake kotsiriza kuti akaonere anthu olemera akuvina wafunsa funso loyenera.

Mukadzaoneranso filimu yanu ija ya Gone with the Wind, yang'anitsitsani anthu amene aima kumbuyo, amene akutumikira patebulo ndiponso amene nkhaniyo sikuwapatsa mpata wolankhula zakukhosi. Mwina mudzaipeza ili ndi mawu oyamba amene kale kunalibe. Mu June 2020, anthu ali mkati mochita zionetsero zotsutsa tsankho ku America, kampani yoonetsa mafilimu pa intaneti ya HBO Max inaichotsa kwa masabata pafupifupi awiri, kenako inaibwezera itawonjezera mawu a katswiri wa mbiri ya mafilimu, Jacqueline Stewart, ofotokoza mmene filimuyi inabisira nkhanza za ukapolo.