Mpeni wokongoletsa khoma musaunole

Wina wandilembera kuti anagula pa intaneti mpeni wotengera ija ya ku Ulaya ya zaka za m'ma 1400, wa mtundu wa rondel, koma wayamba dzimbiri ndipo chigwiriro chikugwedezeka. Akufunsa ngati angaunole.

Musaunole, bwana. Rondel yeniyeni sinali yodulira nyama. Inali yobayira m'mipata ya zovala zachitsulo za asilikali, m'khwapa kapena pakhosi, n'chifukwa chake chitsulo chake chimakhala chochindikala, nthawi zina cha ngodya zitatu, ndipo timbale tiwiri tozungulira ta pa chigwiriro timateteza dzanja kuti lisatsetsereke. Kuinola n'kuichotsa maonekedwe ake.

Komanso yambiri yogulitsidwa ngati yokongoletsa ndi yonyenga m'kati. Chitsulo choloŵa m'chigwiriro chimayenera kukhala chimodzi ndi mpeniwo, chosulidwa pamodzi, n'kukhomereredwa kumapeto. Yotchipa amangowotcherera kachitsulo kowonda ngati msomali, n'kumanga ndi nati. Pamene anawotcherera mpamene pamathyoka, mpeni n'kuuluka. Ine ndimati wogulitsa amene sanena momwe m'kati mulili akubisa dala. Timbale tambiri si chitsulo, ndi zamak, yomwe mbali yaikulu ndi zinc. Ikani maginito: akapanda kugwira, mwina ndi zamak kapena mkuwa, ndipo zamak imasweka m'malo mopindika.

Anthu amathamangira rondel, koma bollock dagger, mtundu wina wa mpeni wa nthawi imeneyo, ya chigwiriro chamtengo chokhala ndi timibulu tiwiri, ndiyo anthu wamba ankayenda nayo. Yambiri inapezeka m'chombo cha Mary Rose chimene chinamira mu 1545 pafupi ndi Portsmouth. 

Za dzimbiri

Dzimbiri likusonyeza kuti mwina wanu ndi wa carbon steel, chitsulo chosachedwa kuchita dzimbiri, zomwe si zoipa. Donthezani mafuta a makina osokera, pukutani ndi steel wool yosalala kwambiri, ya nambala 0000, motsatira kutalika kwa mpeni, osati mopingasa. Ya m'khitchini imakanda. Kenako pakani mafuta pang'ono kapena phula lotetezera zitsulo lotchedwa Renaissance Wax. Mafuta ophikira amamata n'kununkha. Musausunge m'chimake chachikopa, chikopa chimasunga chinyezi, makamaka m'dzinja. Mukaugwira, pukutani, thukuta la zala limasiya zidindo.

Chigwiriro: ngati kumapeto kuli nati, imangeni pang'onopang'ono ndi dzanja, osakakamiza, zamak ingang'ambike.